Mchenga wa M'basi

Lolemba m'mamawa, pa depoti ya ku Booysens,
basi yabwera ili mbuu, fumbi mpaka m'magalasi.
Ine ndimalowa onse akatuluka,
tsache kumanja, ndowa kumanzere.
Ntchito yanga ndi imeneyo:
kufufuta ulendo wa eni ake.

Masiku asanu ndi anayi, akutero Mothusi dalaivala,
kuchipululu, kumene tala amatopa n'kugonja,
kukaonera chikondwerero.
Akuti kumeneko amavina usiku, maseche m'miyendo,
amayi akuwomba m'manja
mpaka wovina agwe ngati wakomoka,
alendo ali pamipando yopinda
atakweza mafoni m'mwamba
ngati anthu opempha mvula.

Ine sindinapondeko.
Chipululu ndicho chimandiyendera,
chitabisala kunsi kwa mipando,
m'mizere ya kapeti, m'thumba losanziramo.
Mchenga wake ngwofiira ngati katondo wa kwathu ku Kasiya
koma suumbika.
Ukaufumbata umapulumukira m'mipata ya zala
ngati malipiro a pa twente-faifi.

Lero ndatola chipewa chopanda mwini,
mafuta oopera dzuwa otsala theka,
ndi kapepala ka ndondomeko:
teni koloko, mpikisano wa ngolo za abulu;
masana, kulawa nyama yowamba;
seveni koloko mpaka eyiti, gule wa makolo.
Ndinaseka ndekha m'basimo.
Kodi mizimu nayo inagula wotchi?

Kuseka kunathera pakhosi.
Sindine kodi, mwezi wathawu,
amene bwana anandiitana kuofesi
kuti alendo a ku Jeremani akufuna za Chifirika?
Ndinavala kabudula woyera, masokosi ofika m'maondo,
n'kuvina mganda ndekhandekha pa simenti ya galaja,
popanda ng'oma, popanda mzere wa anzanga,
popanda Nasiketi wondipukuta thukuta ndi mpango.
Mphindi zisanu ndi ziwiri.
Anawomba m'manja pamene nyimbo sinathe.
Ma randi mazana awiri aja ndinalandira ndi manja onse,
ndipo Mwandida anagulira nsapato za kusukulu.

Pa mpando wakumbuyo, m'mphako ya lamba,
ndapeza kamkanda kamodzi
kosema ku chikamba cha dzira la nthiwatiwa,
kang'ono kuposa nyemba, koboola pakati.
Wina anakapala pamwala tsiku lonse.

Iwe wokapala, mnzanga wosakudziwa,
ndiuze:
basi ikanyamuka, fumbi likakhazikika,
mumavinanso?
Ilipo nyimbo imene simuitulutsa pa seveni koloko?
Ine ndili nayo imodzi.
Ndimaiimbira m'mphuno pokolopa,
injini ikamalira kuti wina asamve.

Mothusi akuti, Lachisanu pali mpando wotsala,
kwera ukadzionere wekha nyenyezi zotsika mpaka m'mapewa.
Ndamuyankha kuti msana ukundivuta.
Akudziwa.
Chidindo cha m'pasipoti yanga chinafa chaka chatha,
ndipo njira ya kuchipululu
ili ndi apolisi ambiri kuposa mitengo.

Choncho chipululu changa ndi ichi:
zitunda zachikasu za kumigodi
zimene ndimaziona pawindo la takisi popita ku Rosettenville,
dothi limene abambo awo a bambo anga anathandiza kufukula
asanabwerere kumudzi ndi sutikesi ndi chifuwa.
Mphepo ya Ogasiti ikaomba
timachitafuna tonse, osalipira tikiti.

Mchenga wa lero sindinautaye wonse.
Ndathira pang'ono m'botolo la jamu,
latsala zala ziwiri kuti lidzaze.
Kamkanda kaja ndakakulunga m'pepala la buledi
ndi kumupatsa Mothusi.
Ukafika, ndati, ufunse mwini wake.
Waseka: anthu ake ndi ambiri, ndikamudziwa bwanji?
Ndati, uyang'ane amene sakumwetulira
alendo akatembenuka.

Kenako ndatsegula mpopi.
Madzi ofiira ayenderera pa simenti
kulowa m'ngalande ya Joni.