Nsapato za Odessa

Ine ndine wolemba malipiro,
nsanjika yachitatu, kuseri kwa Cairo Road.
Mwezi ukamatha mayina onse amadutsa m'zala zanga,
ndiye ndimadziwa zosayenera kudziwa:
kuti Garth, mnyamata wadzana,
amene ndinamuphunzitsa ndekha kuwerengera msonkho,
mzere wake umaposa wanga ndi ziro yathunthu.
Pansi pake pali kamzere kena, ati kopepesera mavuto.
Mavuto ake ndi nyumba ya ku Kabulonga,
jenereta, ndi dziwe losambiramo.
Ine ndimadzuka ku Chawama magetsi atathawa,
n'kusita malaya ndi simbi yamakala.

Kenako kunabwera Odessa wa ku Amereka,
khungu ngati langa, mwinanso kuderapo pang'ono.
Tsiku loyamba mlonda Njobvu anamuimitsa pageti:
"Amayi, ofuna yosesa amabwera Lachinayi."
Pomwepo Garth anadutsa atavala kabudula,
Njobvu n'kumenya sawasha mpaka chipewa kupendama.
Odessa sanakalipe.
Anangoyang'ana nsapato zake
ngati akuzifunsa, lero mwandigulitsa bwanji?

Nsapato zimenezo tinkazinena kukhitchini.
Lenti yanga ya miyezi itatu, kuponda nayo fumbi!
Tisauke ankati akuda a kumeneko ndi manja obowoka,
ndalama imangolowera kuno n'kutulukira uko.
Ine ndinkavomereza, supuni ili m'kapu,
jekete yanga nditaikoloweka bwino pampando.

Lachiwiri lina magetsi anatithawira m'chikepe,
awiriwiri, pakati pa nsanjika yachiwiri ndi yachitatu.
Kutentha. Anavula nsapato n'kukhala pansi.
Kuchidendene kunali pulasitala.
Anati, bambo anga banki inawakaniza katatu ngongole ya nyumba,
mzungu wogwira naye makina amodzi anapatsidwa tsiku lomwelo.
Ndiye anagula galimoto yaitali ngati basi,
Lamlungu lililonse kuipukuta mpaka kudziona nkhope.
Ankati, nyumba anandimana,
koma pamsewu andiona.
Izi si nsapato, mchemwali. Ndi chiphaso.
Ndinaoloka nyanja poganiza kuti kuno sachifunsa.

Mumdimamo ndinaulula zanga.
Jekete ija ndi ya kaloba.
Ndinaigula ku Manda Hill nditatopa ndi makasitomala
ondiuza kuti kaitaneni abwana, ine ndili ndi fayilo yawo m'manja.
Mwini ndalama amandidikira pa Kulima Tower mwezi ukatha,
akumwetulira ngati mlamu wanga,
chiwongoladzanja chikubereka ngati mbira.

Tinaseka.
Kuseka koipa, kotulutsa mamina,
mpaka Njobvu anagogoda kunja kufunsa ngati tili moyo.

Ndinamuuza za chilimba chathu:
anthu asanu ndi mmodzi, aliyense mwezi wake,
buku limasungidwa m'kabati ya tiyi, kuseri kwa shuga.
Anati azakhali ake ankachita zomwezo kutchalitchi,
m'chitini cha mabisiketi,
ndipo chitinicho n'chimene chinamulipirira chaka choyamba kukoleji.
Nanga bwanji, anafunsa, akatiwerenga amawerenga nsapato zokha,
chitini osachiona?

Analowa nawo mu Meyi.
Amapereka pa tsiku lake, osachita kukumbutsidwa,
Tisauke ndiye amachedwa.

Musaganize kuti zasintha.
Dzulo ndalembanso malipiro,
ziro ija ili pomwe inali, yonenepa,
ndipo Garth akwezedwa, ati ali ndi maso a utsogoleri.
Kalata yanga yodandaula yatha miyezi inayi ili patebulo,
aikapo kapu, yasiya chizindikiro chozungulira.

Ogasiti ndi mwezi wanga wolandira.
Theka ndikatseka pakamwa pa wakaloba,
theka ndi njerwa za kapuloti kanga ku Chongwe.
Jekete yayamba kunyezimira m'zigongono.
Ina sindigula. Kapena ndigula, sindikudziwa,
makasitomala aja sanafe.

M'mawa uno Njobvu anatsegula geti, osafunsa kanthu,
kenako anatitsatira mpaka pamasitepe, chipewa kumanja.
Ati mwana wake walowa giredi 8,
kodi m'chilimbamo malo alipo?
Odessa anatulutsa buku kuseri kwa shuga.
Anamufunsa kalembedwe ka dzina lake,
chilembo ndi chilembo.