Guluu wa Usiku

Ku Nchalo dzuwa silituluka, limagwa pamutu.
Ikamakwana naini koloko malata a shedi yathu
amakhala akuthetheka ngati chiwaya choiwalika pamoto,
ndipo ndisanafike pa ngodya yachinayi ya thabwa
guluu wa pa ngodya yoyamba wachita kale khungu.

Ine ndine wopaka. Chaka chachisanu ndi chimodzi chino.
Ku banki chala changa chimakana kudinda,
mizere yake inapita ndi guluu.

Timatenga zotsalira za nzimbe, zimene makina a shuga alavula,
timapera, timapanikiza,
pamwamba n'kuvekapo chikopa chosalala chooneka ngati mbawa,
mtengo umene ine ndinauona komaliza ndili mwana.
Pa matabwa khumi, atatu ankabwerera.
Ena atatupa ngati tsaya lolumidwa ndi mavu,
ena atafundula ngati njoka.
Lole imene inakwera nawo chitunda cha pa Thabwa
inkatsika nawo omwewo, dalaivala akuseka:
"Ana anu akana Blantyre, akuti kukuzizira."

A kapitawo Alufandika anati onjezani guluu.
Tinaonjeza. Zigubu zinatha, malipiro anachedwa.
Anati onjezani moto.
Anapserera m'mbali, pakati pali pawisi,
mbatata yootcha munthu wanjala.

Ndiye linafika Lachitatu lija la mu Okutobala
magetsi atazima tsiku lonse,
madesiki makumi anayi a sukulu akutidikira.
Anayaka thu koloko usiku.
Zuze wa pa makina anagogoda pa zenera langa,
ndinatuluka nsapato zili m'manja.

Usiku guluu ndi munthu wina.
Sathamanga. Amagona pamene wamugoneka,
amalola burashi imukoke mpaka apyapyale ngati malovu,
amalowa m'timabowo tonse, osasiya chilumba chouma.
Ndinapaka matabwa asanu ndi awiri
chigubu chisanafike pa theka,
udzudzu ukundidya akakolo, ine osamva.
Ndipo poyala, tulo tili m'maso,
manja anga anakumbukira mlaza wa ku Bangula:
uwu chotalika, uwu chopingasa, uwu chotalika,
monga ndinkalukira nkeka ndisanalembedwe ntchito.
Zuze anayang'ana, anatsegula pakamwa,
anatseka. Anatsitsa chitsulo.

Kutacha anadula kachidutswa, anamanga waya,
n'kukaponya m'ngalande ya m'munda wa nzimbe.
Masiku asanu ndi anayi.
Tinakavuula kali ndi nkhono zitatu ndi ndere,
koma m'mbali muli gwa!
Zuze analowetsa nsonga ya mpeni. Mpeni unabwerera.

A Alufandika analemba m'buku lawo lalikulu:
"Tapeza njira." Ndinawerenga mozondoka, nditaima kuseri kwa tebulo.
Dzina loti Nyathando munalibe.
Koma anagula tochi ziwiri ndi mankhwala a udzudzu,
ndiko kuthokoza kwawo, ndinalandira.

Tsopano timayamba fili koloko, atambala asanaganize.
Chigubu chimodzi chikugwira ntchito ya ziwiri.
Zodulidwa m'mbali sitiotchanso, zimabwerera m'chigayo.
Dzuwa likamadzafika ndi mkwiyo wake
limapeza matabwa ataunjikidwa, akuzizira,
ife tikusamba m'manja pa mpopi.
Lole imatsika yopanda kanthu. Dalaivala nthabwala zinamuthera.

Mvula ya Januwale madzi analowa m'sukulu
mpaka pa mawindo.
Mabuku anasanduka phala, choko chinasungunuka m'bokosi.
Madzi ataphwa tinapita ndi makasu kukachotsa matope,
ndipo madesiki, titawathira ndowa imodzi imodzi,
anangoti mbee, ngati abwera dzulo.

Mwana wanga Nsai anapisa dzanja pansi pa yake
kufuna chingamu chimene anamatapo.
Anapeza kadontho ka guluu wouma,
pakati pake pali pobooka pang'ono, posalala,
malo a chala chopanda mizere.
Anandiyang'ana, anagwira chala changa chachikulu,
n'kuchiika pamenepo.
Chinakwana.