Kuwerengera m'Matumba

Ine masamu ndimawadziwira m'matumba.
N'chifukwa chake a Chimphamba atalemba mtengo
kuseri kwa buku lachipatala la Lameki,
ndinawapempha kuti aunene m'kachewere.
Anayang'ana kudenga, milomo ikuyenda yokha,
nati: botolo limodzi, matumba makumi anayi.
Pafunika mabotolo atatu.
Munda wanga wa ku Tsangano,
mvula ikabwera mwaulemu, chiwawu chikasochera,
umandipatsa makumi atatu ndi asanu.

Ndinafunsa ngati mankhwalawo amachita kukumba pansi pa phiri.
Ayi mayi, ndi kaufa koyera chabe,
kupanga kwake sikudya ndalama.
Chodula ndi pepala.
Analitchula pang'onopang'ono kuti ndiligwire: patenti.
Amene anayamba kutulukira kaufako
anakadinditsa ku ofesi ya kwawo,
ndiye kwa zaka makumi awiri
palibe wina wololedwa kusakaniza,
ngakhale muyezo wake akuudziwa pamtima.
Zapita khumi ndi zitatu, anatero.
Zatsala zisanu ndi ziwiri.

Lameki anali panja pabenchi,
maso ali chikasu, mimba yatsogola, mikono yatsalira,
chipewa cha njinga yamoto chili pamaondo
ngati pali kasitomala amene akumudikira pasiteji.
Anandifunsa: akuti chiyani, alongo?
Ndinati: akuti mankhwala alipo.
Sindinaname.

Musandiyese wosamva.
Munthu uja, kaya ndi mayi kaya ndi bambo,
ndikhulupirira anagonera tiyi wozizira usiku wambiri,
kuyesa, kutaya, kuyesanso,
imvi n'kumupeza ali chiweramire.
Inenso ndinagonapo m'munda mwezi wa Juni,
chisanu chikuluma m'mafupa, chikwanje kumutu,
kulondera thukuta langa.
Mpanda ndimaudziwa ntchito yake.
Koma wanga umazinga mizere,
sunazingepo chitsime.

Ndipo mbewu ndimadzala ineyi
inachokera kwa Nangozo,
Nangozo anapatsidwa ndi mlamu wake wa ku Mozambiki,
komwe kwa ife n'kungodumpha msewu,
mlamuyo sakumbukanso anaitola kwa yani.
Tonse tikudya. Palibe anadinda.

Usiku ndimawerenga zala.
Zikadzatha zisanu ndi ziwirizo
Esinala wa Lameki adzakhala ali folomu thu,
ngati fizi idzapezeke.
Akuti tsiku limenelo loko adzatseguka yekha,
mafakitale ena adzayatsa makina,
mabotolo adzabwera m'makatoni
pamtengo wa ndowa imodzi ya kachewere, yosasendereza n'komwe.
Wina adzamwa, adzachira, adzakwera njinga yake.
Ndikumufunira zabwino munthuyo.
Ndikungofuna kudziwa amene adzamuuze
kuti pabenchi wakhalapo panali anzake.

Lachisanu ndinatsikira pamphambano ndi matumba asanu ndi limodzi.
Ndinati lero nanenso ndiyese nzeru za eni pepala.
Galimoto yoyera itaima, galasi litatsika,
ndinatchula mtengo kuwirikiza kanayi,
nkhope ili gwa.
Bwanayo anaseka mpaka kutsokomola,
anasendeza galimoto mapazi khumi okha
n'kugula kwa Filesi,
kachewere yemweyo, dothi lomwelo, mbewu ya Nangozo yomweyo.

Ndinatsala ndaima, fumbi lili m'mano.
Filesi anabwera n'kundigawira chimanga chootcha,
osafunsa kanthu, poti mudzi wonse ukudziwa.
Madzulo ndinagulitsa pamtengo wa aliyense.
Ndinagulira Lameki shuga, panado ndi mayunitsi,
chenji ndinamanga pansonga ya chitenje.

Kunyumba ndinamupeza akupukuta njinga,
akupumira pakati pa sipoko ndi sipoko.
Anati: alongo, musaigulitse,
ndikadzadzuka ndidzayambira pati?
Ndinati sindigulitsa.
Wogula anali atabwera kale dzulo lake,
anaiyang'ana matayala, anailiza kawiri,
n'kutchula mtengo.
Ndinauwerengera mumtima:
matumba khumi ndi anayi.