Zikhomo Zinayi

Pachithunzi cha malonda panali nyanja.
Pano pali udzu wofika m'mawondo
ndi chikwangwani chopendekeka chomwe mphepo inatopa nacho.
Wogulitsa malo, Bambo Zammit, anati nyanja ili uko,
kuseri kwa minda ya nzimbe,
mphindi makumi awiri pagalimoto
ngati kasitima ka nzimbe sikanakutsekere msewu.
Ankaloza ndi kiyi.
Ine ndinkayang'ana nsapato zake zosadziwa thope.

Zaka makumi atatu ndi chimodzi za lendi.
Nyumba zisanu ndi ziwiri za eniake,
osakhomamo ngakhale msomali popanda kupempha,
chithunzi cha amayi chili chotsamira pamwamba pa firiji
ngati mlendo wosapatsidwa mpando.
Usiku ndimatembenuza odwala m'chipatala cha ku Ingham,
kuwasambitsa, kuwafunditsa,
kotsala pamalipiro n'kubisa.
Pang'onopang'ono ndi mtolo, amatero,
koma sanena kuti mtolowo umakwana
msana utapindika kale.

Kubanki, mtsikana wamsinkhu wa mwana wanga
anandifunsa zaka zanga kawiri.
Loya anawerenga mofulumira:
kumbuyo kwadutsa paipi ya khonsolo, musamangepo,
madzi afika pamsewu,
magetsi athera papholo lachitatu.
Ndinasaina malo asanu ndi anayi,
Loretta Cavallaro, Loretta Cavallaro,
mpaka dzinalo linaoneka la munthu wina,
munthu wa malo akeake.

Lero Loweruka ndabwera ndekha
ndi mpando wopinda ndi tiyi wa m'fulasiki.
Zikhomo zinayi, chilichonse ndi kansalu kapinki.
Chachinayi ndachisaka theka la ola.
Ndachipeza pansi pa kachitsamba,
nyerere zitamangapo kale
popanda pulani, popanda chidindo cha khonsolo.

Mkulu wa nyumba yoyandikana, Des Poggi,
wafika pampanda ndi mapapaya awiri.
Dzina sanandifunse.
Wagunda lamba wake ndi chala:
"Chaka chija madzi analekeza apa.
Zammit anakuuzani?"
Sanandiuze.
Mapu a khonsolo ananena, m'tizilembo ta pansipansi.
Ndinawerenga, n'kupinda pepalalo kanayi,
poti mtengo wa kumtunda sunali wanga.
"Muimike pamizati ngati yangayi," akutero.
"Pansi muzisungapo bwato
ndi zinthu zomwe simungalire zikapita."

Atachoka ndayamba kuyeza ndi mapazi.
Khitchini kum'mawa.
Khonde liyang'ane mapiri, osati msewu.
Masitepe khumi ndi anayi, mawondo adzazolowera.
Bafa apa. Chipinda changa apa.
Kenako ndangozindikira ndaima m'chipinda china
chomwe sindinachitchule kubanki,
zenera lake nditalisankhira kale mbali.
Dario ali kumigodi ya kumadzulo,
chaka chachinayi chino foni yake ili zii.
Sakudziwa kuti ndagula.
Sakudziwa kuti ali ndi zenera.
Udzudzu wandimaliza m'akakolo nditaima momwemo,
ndipo potuluka ndadzera pakhomo,
osadutsa pakhoma.

Tiyi wazizira.
Papaya ndadula ndi kampeni ka pakiyi,
nthangala ndataya chakumbuyo, cha pa paipi ya khonsolo.
Loya ananena za kumanga. Za kumera sananene.

Chakumadzulo mphepo yatembenuka.
Pansi pa fungo la shuga wophikidwa kufakitale
mwalowa kafungo ka mchere ndi matope,
kochepa, koti ukapuma kawiri katha.
Ndiye kuti Zammit sananame zonse.

M'thumba la yunifolomu muli msomali.
Ndayenda nawo kuyambira nyumba yachisanu,
ya mayi uja ankawerenga zibowo pakhoma
n'kudula padipoziti.
Khoma palibe. Mwala ndautola mumsewu.
Ndagwada pachikhomo chachinayi,
nyerere zikukwera m'manja,
kho, kho, kho,
thabwa lang'aluka pang'ono.
Ndadikira.

Galu wa Des wauwa kamodzi, wasiya.
Ndakolekapo chipewa.