Mipando Isanu

Galimoto yathu ili ndi mipando isanu.
Ndinaiwerenganso usiku wa Lachiwiri,
nditaima panja pa nyumba yathu ya lendi ku Leicester,
mvula yamawawa ikundilowa m'khosi,
ngati kuti wina anaonjezerapo umodzi ndili ku ntchito.
Isanu basi. Ine, iwe, Mwatitha, Lonjezo ndi Tinenenji.
Koma unali utandionetsa kale kandodo kaja
ka mizere iwiri,
utakakulunga m'pepala la m'sitolo
ngati chinthu chakuba.

Sitinaseke. Sitinalirenso.
Unatereka ketulo.
Ine ndinatembenuza envulopu ya msonkho wa khonsolo
ndi kuyamba kulemba kumsana kwake.

Lendi.
Gasi ndi magetsi, amene mu Januwale amadya ngati anthu a pamaliro.
Nsapato za Lonjezo, yemwe phazi lake silidikira mwezi kutha.
Mapaundi makumi asanu ndi atatu a mayi ku Ntcheu,
ndi fizi ya mwana wa malemu achimwene,
amene nkhope yake ndimaidziwira pa foni.
Ndiye iwe unati, lembanso nazale.
Ndinalemba. Cholembera chinaboola pepala.

Maola ako onse ku nyumba ya okalamba ku Oadby,
kutembenuza makolo a eni, kuwasambitsa,
kuwamwetsa phala ndi kasupuni,
ukachotsapo ya wotilerera khanda
ikutsala ya basi ndi buledi.
Ndiye ungosiya? ndinafunsa.
Unandiyang'ana monga unayang'anira kalata ija
yonena kuti satifiketi yako ya unamwino aiunika kaye.
Mpaka lero ili m'sutikesi, pansi pa zitenje.

Kapena ineyo ndisiye za masana,
nditenge za usiku ku nyumba yosungira katundu ija,
tizikumana pakhomo, iwe potuluka ine polowa,
bedi lisamazizire koma lisationenso tili awiri.
Ndi mmene akukhalira a Kachingwe a pa nambala 14.
Amasiyirana timakalata pa fuliji
ngati chibwenzi cha ku sekondale.

Kwathu amati ana ndi chuma.
Amene anayamba kunena mawuwa
anali ndi munda woyambira pakhonde kukathera kudambo,
azakhali ali kuseri kwa mpanda,
mwana akalira, manja khumi.
Kuno mwana akalira, khoma limagogoda.
Kuno womugwirizira amawerenga maola.

Bambo anga anabereka asanu ndi anayi
osawerengapo mpando;
pa matola aliyense amapeza pogwira.
Ine ndi sukulu yanga yonseyi,
wachinayi wandiumitsa malovu asanabadwe.
Manyazi anga ndi amenewo, Nagama,
kuti ndinayamba kumuwerengera mtengo
ndisanamupatse moni.

Unandilanda cholembera.
Unakhwatcha mpira wanga wa pa kanema.
Unakhwatcha ulendo wakumudzi wa mu Ogasiti,
pang'onopang'ono,
pakuti chiliza cha abambo ako chidikiranso chaka china.
Ya mayi sunaikhudze.
Zovala za khanda zilipo, unatero, zili pamwamba pa wadirobu,
ndinkadziwa ine kuti ndisapereke.
Tiyi anazizira m'makapu.
Pamwamba wina anatsokomola, tonse tinakweza maso kudenga
mpaka anagonanso.

Loweruka tinapita ku Loughborough
kukaona chigalimoto cha mipando isanu ndi iwiri,
cha dzimbiri m'mapiko, chonunkha galu wa mwini wake.
Ana anathamangira kumbuyo, kulimbirana zenera.
Wogulitsa ankamenya tayala ndi nsapato,
akulumbira kuti injini ndi yamoyo.
Ndinawerenga ndi chala, monga mwa chizolowezi changa tsopano:
ine, iwe, atatuwa, uyo ali m'njirayo.
Unatsala umodzi.
Nanga uwu ngwa ndani? ndinafunsa.

Usayerekeze, unatero,
dzanja lili pamimba,
ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni Lachiwiri lija
unaseka mpaka kutsamira chitseko.