Pa Chaka

Ku Grimsby, pamwamba pa fakitale ya nsomba,
ndine ndimawerengera anthu malipiro.
Fungo la pansipo limakwera nane masitepe
n'kukhala pa mpando wa alendo.

Lolemba kunabwera mnyamata, Callum Threadgold,
kalata yomulemba ntchito ili m'manja:
mapaundi 24,000 pa chaka.
Anaiwerenga kawiri, milomo ikugwedera,
ndiye akuti, "Bwanji osangonena za pamwezi?
Lendi yanga sidziwa chaka."

Ndinamuuza zomwe ndimauza aliyense.
Woyendetsa lole amalandira Lachisanu lililonse,
wa m'chipinda chozizira masabata anayi akatha,
bwana pa 28.
Febuluwale ndi wamfupi msinkhu,
Disembala amanenepa ndi maola owonjezera.
Miyezi siimva chimodzi;
sikelo yotikwana tonse ndi chaka basi.
Amsonkho amawerenga kuchoka Epulo kufika Epulo,
ndipo abanki, ukafuna ngongole ya nyumba,
safunsa chomwe wadya sabata ino.

Anavomera ndi mutu. Sindinamunamize.

Chomwe ndinameza n'chakuti
chaka ndi jekete lotambalala mapewa.
Umalivala ku ukwati, kwa apongozi, ku bala,
anthu n'kumati mwana uja wakula.
Mwezi ndi thupi lili m'katimo,
nthiti zochita kuwerengeka:
gasi, basi, msonkho wa khonsolo, nsapato za mwana.

Sindinamuuzenso za Maureen Oxtoby,
amene anatumbula nsomba mpaka zala kupindika.
Ankati "ndili pa 22"
ngati mtsikana akutchula zaka zake.
Mbali yawo anaitseka mu Okutobala.
Miyezi yotsalayo ndinaifufuta ndekha,
batani limodzi, tiyi asanazizire.

Ndalama ya chaka palibe anaigwirapo ndi manja.
Timangoimva, ngati sitima
ikulira kuseri kwa doko m'mawa wa nkhungu.

Callum anatulutsa foni,
kugawa ndi 12, kuchotsa msonkho,
zii.
Atatuluka anaimbira mayi ake ali pa masitepe pomwepo,
mawu n'kudutsa pansi pa chitseko:
"Amayi, zatheka. Ndili pa 24."
Nambala inayo anaisiya m'thumba.

Ndinatembenukira ku kompyuta.
Ine ndili pa 27, mukandifunsa.
Koma lero ndi pa 19,
ndipo m'chikwama mwanga muli buledi wa dzana.