Mphindi Zinayi za Solange

Wotchi ya pamwamba pa ng'anjo kwathu ku Ornans
imatsalira mphindi zinayi sabata iliyonse.
Ine sindinkadziwa.
Zaka makumi atatu ndinkaitamanda kwa alendo,
osazindikira kuti Solange, Lamulungu lililonse ndisanadzuke,
ankatsegula kagalasi
n'kukankha muvi wautali ndi chala chake.

Patatha miyezi itatu chimuikire m'manda
ndinapeza basi ya ku Besançon itapita kalekale.

Bambo Fulbert anabwera ndi kachikwama kachikopa.
Sanakhudze kanthu. Anangotchera khutu.
“Ikutsimphina,” anatero.
Ndinamvadi: ti-ta ... ti-ta ...
ngati munthu wovala nsapato imodzi.
Anang'amba kachidutswa ka katoni ya tchizi,
n'kukalowetsa pansi pa phazi lakumanzere,
mpaka katungwe wamkuwa m'mimba mwa mwala wakudawo
anayamba kupita ndi kubwera mofanana.

Kenako anandiloza kachitsulo kakang'ono
kobisala pamwamba pa thwelofu,
A mbali iyi, R mbali inayo.
“Katungwe akafupika, nthawi imathamanga.
Akatalika, imazengereza.
Gwiritsani mbali yaing'ono ya kiyi.
Potozani pang'ono chabe,
ngati mukuchotsa kachitsotso m'diso la mwana.
Mukatero manja m'thumba, sabata yathunthu.”

Sabata yathunthu!
Lachitatu ndinali nditapotoza kale kachiwiri,
ndipo wotchi inalira masana belu la tchalitchi lisanaganize n'komwe.
Ndinabweza. Inatsalira.
Ndinagula kabuku.
Novembala 9: yatsogola zitatu.
Novembala 16: yatsalira imodzi ndi theka.
Ndikasonkha moto wambiri chitsulo chimadziwongola,
nthawi n'kuchita ulesi;
chipale chikagwa usiku, moto utazima, imafulumira.
Ndinaphunzira kupuma ndisanagwire kiyi,
ndinaphunzira kusiya.

Pofika Febuluwale ine ndi belu tinagwirizana.
Likati nde, nayo nde,
osasiyana ngakhale mpweya umodzi.
Fulbert anandigwira chanza pamsika
ngati ndakhoza mayeso.

Lamulungu lotsatira ndinaima patsogolo pake.
Ndinaipukusa, mabowo onse awiri,
n'kutsegula kagalasi mwachizolowezi cha munthu wina.
Panalibe chokonza.
Apo m'pamene ndinaona,
pakati pa naini ndi teni,
kamalo kothimbirira pa nkhope yoyera ija,
kakang'ono ngati njere ya mphesa,
pomwe chala chake chinkatsamira.

Ndinaima nthawi yaitali. Wotchi inandiuza ndendende kuti yaitali bwanji.

Ndinatenga kiyi, mbali yaing'ono,
n'kupotozera ku R.
Pang'ono. Ndi pang'ono penanso.
Fulbert sindinamuuze.
Zinanditengera masabata asanu kuti ndizipezenso,
mphindi zinayi zija, osati zitatu, osati zisanu.

Tsopano Lamulungu ndimadzuka kusanache,
khofi ali pamoto,
n'kukankha muvi wautali ndi chala changa,
chomwe n'chachikulu kuposa kamalo kaja.